Tepi Yopita ku Uvuni

Pa siteji ya basi ku Tacoma, mvula ikuwaza, bambo wina wa imvi anafunditsa bokosi ndi ambulera, iye akunyowa. Mayi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Bambo, bokosi ndiye lofunika kuposa inu?"

"Muli tepi umu, mayi. Chimbale chomwe chithunzi chake chili pa malaya anuwo chinachokera pa tepi imeneyi."

"Musandinamize! Ine gitala ndinaphunzirira pa chimbale chimenechi. Mwana wanganso gulu lake limangobera momwemo."

"Tinajambulira m'galaja, masiku asanu ndi anayi. Woimbayo anali mng'ono wanga, Wendell."

"Malemu aja? Pepani. Ndiye mukupita nayo kuti?"

"Kukaiika mu uvuni."

"Mutu ukuyenda bwino koma?"

"Tepi ikakalamba imamata. Mukaizunguza osaiumitsa, mawu amasupuka n'kutsalira pa makina. Ndiye akatswiri amaitenthetsa pang'onopang'ono, tsiku lathunthu."

"Nanga moto ukachuluka?"

"Imasungunuka."

"Mayo! Komabe nyimbozo zili ponseponse, ngakhale pa foni."

"Nyimbo zilipo. Koma titamaliza yomaliza, tepi inapitiriza kuzungulira. Pali mphindi ziwiri Wendell akundiseka kuti ndaphonya ng'oma. Kuseka kwakeko ndayamba kukuiwala, mayi, ndipo kulibenso kwina."

"Bwanji osangoisunga?"

"Ikuwonongeka m'bokosi momwemu. Aka n'kachinayi kufika pano. Basi ikangoima, ndimabwerera kunyumba."

Basi inatulukira pakona.

"Ndi yanu iyi?"

"Ndi imeneyi."

"Tsogolani, bambo. Ine ndili pambuyo panu, ndipo pakhomo pa basi ndatsekapo, lero simubwerera."