Makutu atagontha, Ambuye anandibwezera ku injini

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ine ndine Feston, ndimakhala ku Thekerani kuno ku Thyolo. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene makutu anga anagontha, ntchito n'kundithera, ndi mmene Mulungu anandidzutsira.

Umakaniko ndinauyamba ndili wachinyamata, pa galaja ya esiteti ina ya tiyi. Magalimoto a petulo a masiku amenewo anali ndi distibyuta, chipangizo chogawa moto ku mapulagi. Motowo uyenera kufika pa nthawi yake. Ukafulumira injini imagogoda, ukachedwa galimoto imafooka pachitunda n'kumatentha. Ine ndinkamasula kabawuti, n'kumapotoza distibyutayo pang'onopang'ono khutu lili tcheru, mpaka kulira kwa injini kutasalala. Ana anga onse ndinawalera ndi khutu limenelo.

Chaka china ndinadwala malungo aakulu. Ndinachira, koma m'makutu munatsala phokoso losatha, ndipo mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lina ndinatchuna pikapu yonyamula akapitawo, mtima uli m'malo kuti zili bwino. Inali ikugogoda, ine osamva. Inakafera pachitunda pakati pa minda ya tiyi, pisitoni itabooka.

Abwana a pagalaja sanandikalipire. Anayandikira khutu langa n'kunena kuti, "A Feston, magalimoto akalewa tikuwagulitsa. Atsopanowa taimingi, nthawi ya moto ija, imayendetsedwa ndi kompyuta, palibenso chopotoza. Kapumuleni."

Nyumba ya esiteti tinaisiya, tinasamukira kwawo kwa akazi anga, a Esinala. Iwo anayamba kuyenda maganyu m'minda ya anthu, ine ndili chikhalire pakhonde. Anthu ankatopa kukuwa, ndiye ankangondikwezera dzanja n'kudutsa. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa ndinkangoona milomo ikugwedezeka, nyimbo osaimva. Panali masiku amene ndinkadzuka n'kudandaula kuti kwachanso. A Esinala ndi amene ankandigwira dzanja kuti tigwade, ndipo pemphero langa linatsala limodzi lokha: Ambuye, ngati makutu simundibwezera, ndionetseni chimene munthu wogontha angagwire.

Yankho silinachokere kumene ndinkayang'ana. Linabwera ndi a Che Amidu, Msilamu wa pamsika pano, mwini timagalimoto tonyamula anthu. Ankandidziwa kale, kuyambira nthawi imene ankabweretsa nkhuni ku fakitale ya tiyi ku esiteti kuja. Anakhala pambali panga, n'kulankhula akundiyang'ana kumaso kuti ndizitsata milomo.

"Bambo, ndagula makina oyezera magalimoto atsopanowa, koma ndilibe munthu wodziwa m'kati mwa injini."

"Ine simukuona kuti ndinagontha? Ndiponso za kompyuta sindizidziwa," ndinatero.

"Nanenso sindizidziwa, tiphunzira limodzi. Makinawo salankhula, amalemba. Maso muli nawo."

Ndinapita kugalaja kwawo, koma ndi mantha. Tinavutika nawo makinawo kwa nthawi ndithu, tikulakwitsa, tikufunsa kwa amene anatigulitsa. Pang'onopang'ono ndinamvetsa kuti ntchito imene ndinkagwira ndi dzanja ndi khutu, tsopano imagwiridwa ndi kasensa kokhala pafupi ndi fulayiwilo, chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini. Kamauza kompyuta pamene pisitoni yafika, kompyutayo n'kutumiza moto, kuufulumizitsa kapena kuuchedwetsa malinga ndi mmene galimoto yalemedwera. Injiniyo ndi yomwe ndinkaidziwa ija.

Galimoto yoyamba kuikonza ndekha inali ya a Che Amidu omwe, imene inkazima ikangotentha. Makina analoza kasensa kaja. Ndinakwawira pansi, ndinatsata waya wake ndi chala, mpaka ndinapeza pamene anakhuzika ndi chitsulo. Nditalumikiza, iwo analiza injini. Ine sindinamve kanthu. Ndinaika chikhatho pa boneti, ndipo kunjenjemera kwake kunali kosalala, kosadumphadumpha. Inatentha, osazima. Misozi inangotsika, ndipo iwo anatembenukira kumbali kuti ndisachite manyazi.

Pambuyo pake anandiguliranso tochi ya taimingi, imene imathwanima pa chizindikiro cha pa pule, kagudumu kozunguza lamba wa injini, moti ngakhale galimoto yakale ya distibyuta ikabwera ndimaitchuna ndi maso. Lachisanu iwo akapita ku mzikiti ine ndimatsala pagalaja, Lamulungu amatseka okha galajayo kuti ine ndikapemphere. Kutchalitchiko ndimakhala pa benchi yakutsogolo, a Esinala akundilozera ndime m'buku la nyimbo.

Makutu anga sanatseguke mpaka lero, ndipo sindikubisirani kuti zimandiwawabe. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva munthu wosamva, ndi kumutumizira mthandizi wa chipembedzo china. Inu amene matenda akulandani ntchito ya manja anu, musaleke kugwada. Ndipo wina akadzabwera kudzakhala nanu pakhonde, mumulandire, musayambe mwamufunsa kumene amapemphera.

Ambuye akusungeni nonse. Ameni.