Chidebe Chomwe Tinachidzudzula

Okondedwa mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Chitipa kuno tinabwera bambo a kunyumba atawasamutsa pa ntchito ya uphunzitsi. Yesero langa linali madzi. A pachitsime chathu ku Lufita ukamwa amamveka ngati ukunyambita msomali, ndipo ukachapira chovala choyera chimasanduka mtundu wa tiyi.

Tsiku lotiveka yunifolomu ya amayi a mpingo linali pafupi. Ine ndi phuma langa ndinachapa bulauzi yatsopano kuti iwale bwino, ndipo inatuluka yofiira. Ndinalira, abale, osati pang'ono. Ndikanaima bwanji pamaso pa mpingo ngati ndagona m'munda? Ndinadandaulira aliyense wodutsa, kwinaku ndikupempha Mulungu madzi oyera.

M'mawa wina potsegula chitseko ndinapeza chidebe pakhomo. Munali dothi lakuda bii, makala ndi mchenga, pansi pake atabowola. Ndinadziwiratu kuti awa ndi mankhwala a m'malire aja tinkamva tili kwathu. Ndinaitana amayi anzanga, tinachizungulira, tinachidzudzula mpaka mawu kusasa. Amayi abusa anati tichithire madzi kuti moto wake uzime. Tinatunga ofiira a pachitsime aja n'kukhuthulira. Posakhalitsa pansi panayamba kudontha madzi oyera mbee. Mayi wina anaimba nthungululu, wina anathawa n'kusiya nsapato.

Pomwepo anatulukira a Silungwe, aneba athu ogwira ntchito ya zankhalango ku Mughese.

"Monire, amama. Mwayamba kale kusefa? Nanga bwanji simunatchere beseni?"

Anafotokoza kuti chidebecho anatiikira ndi iwo. Dothi lakudalo ndi zomera zowola kalekale za kudambo, ndipo pamodzi ndi makala limagwira zitsulo zosungunuka m'madzi. Anati likakhuta tizisintha, ndipo madzi akumwa tikayezetse kaye kwa a zaumoyo. Kudandaula kwanga anakumvera kuseri kwa mpanda, poti mawu angawa safuna chimkuzamawu.

Bulauzi ija ndinaiviika m'mandimu n'kuitsukuluza ndi madzi osefawo. Lamulungu anandiveka yoyera, ine misozi ili m'masaya, chimwemwe ndi manyazi limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanakwiye ndi umbuli wanga. Inu amene mukudikira yankho, musatope kupemphera, amamva ndithu. Koma likafika, muyambe mwafunsa kwa aneba, chifukwa langa tinali titagwirizana kale zokaliponya kumtsinje.