Dzina langa linali pa pemiti ya mlendo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku malire a Mwanza. Ndine Eneless, uja ku kwaya ya amayi mumati wapakamwa. Lero pakamwa pomwepo ndipagwiritse ntchito yabwino. Ndikuuzeni mmene ntchito yanga inatsalira pang'ono kundipulumuka m'manja, ndi mmene Mulungu anandibwezera kudzera mwa munthu amene ine ndinkamupempherera zoipa.

Ndine wa makompyuta pa kampani ina ya mathiraki opita ku Tete ndi ku Beira. Zaka zisanu ndi chimodzi, netiweki ikavuta ankaitana ine, kompyuta ikakana kuyaka ankaitana ine. Kenako kampani inagula makina atsopano olondolera mathiraki, oti uli mu ofesi uziona pamene galimoto yafika ndi pamene dalaivala waima. Ndinasangalala, ndikuti nthawi yanga yakwana. Koma Lolemba lina abwana, manijala wathu, anatulukira ndi bambo wina wamtali wa ku Zimbabwe, a Mutasa. Anati uyu ndiye katswiri wa makinawa, ndipo boma lamupatsa pemiti yogwira ntchito muno zaka ziwiri. Tebulo langa anapatsidwa iwowo, ine n'kukankhidwira pakhonde, pa makina a fotokope.

Abale, dipuloma yanga yonse ya makompyuta, n'kumapanga fotokope mapasipoti a madalaivala! Zinandiwawa, sindinama. Chaka ndi theka ndinakhala pakhondepo mtima uli chitupire. A Mutasa akandipatsa moni m'Chichewa chawo chopindikacho, ndinkayankha ndi mphuno. Tsiku lina anandifunsa komwe angagule manachesi okoma, ndinawauza kuti akafunse ku Harare. Anzanga anaseka, ine ndinadziona ngati ngwazi.

Kenako kalata inafika. Abwana analemba kuti kontirakiti yanga ikatha pakapita miyezi inayi, sadzawonjezeranso. Ndinaiwerenga kawiri. Ndili ndi ana awiri, ndipo mayi anga ku Thambani amayang'ana kwa ine. Ndipite kuti? Kuno ku Mwanza makampani ofuna munthu wa makompyuta mungawawerenge ndi dzanja limodzi. Ndinasala kudya masiku atatu, koma pemphero lake ndikuchita nalo manyazi mpaka lero. Ndinkati, "Ambuye, pemiti ya munthuyu ikatha, a imigireshoni asamupatsenso ina. Abwerere kwawo, wandidyera ana."

Lamlungu lotsatira masana, ndangovula yunifolomu ya kwaya, ndinamva odi. Kutuluka, ndi a Mutasa, atsika pa kabaza, envulopu ili m'manja. Mpando ndinawapatsa chifukwa ndinaleredwa, koma madzi akumwa sindinawafunse.

Anandifotokozera chinthu chimene sindinkachidziwa. Kampani ikaitana katswiri wakunja, boma limafuna lidziwe Mmalawi amene aziphunzira kwa iye, kuti mlendoyo akamapita nzeru zitsale. Iwo atangofika anafunsa za wophunzirayo, koma abwana ankangoti tikupezerani. Tsopano pemiti inali pafupi kutha, ndipo abwana anawapatsa lipoti loti asaine. Anatulutsa pepalalo n'kundipatsa.

Dzina langa linali pamwamba penipeni. Wophunzira uja ndinali ine, kuyambira tsiku loyamba! Ndipo lipotilo linkanena kuti Eneless waphunzitsidwa chaka ndi theka koma zikumukanika, mutu wake ndi wouma, choncho kampani ikupempha kuti katswiriyu akhalenso zaka ziwiri pamene akufunafuna Mmalawi wina. Mayo ine!

"Achemwali," anatero a Mutasa, "ine sindinakuphunzitseni ngakhale tsiku limodzi. Ndikasaina apa ndanama pa dzina lanu. Ndili ndi ana atatu ku Mutare, ntchitoyi ndikuifuna, koma izi ayi."

"Nanga mukakana, pemiti yanu itani, bambo?"

"Ikatha yatha. Mulungu adziwa."

Apo misozi inangoyamba yokha. Ndinawaululira zonse, za kusala kuja ndi pemphero lake lomwe. Ndimayesa akwiya, koma anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti ngati ndimapemphera mwamphamvu choncho ndiyambe kupempherera mutu wanga, chifukwa sukulu iyamba mawa. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga madzi, ndipo sanachoke asanamwe tiyi.

Lolemba m'mawa ananyamula okha mpando wanga kuchoka pakhonde n'kuuika pafupi ndi wawo. Abwana anafufuma ngati mtanda wa mandasi. A Mutasa anawabwezera lipoti lija losasaina, n'kuwauza mwaulemu kuti alembera eni kampani ku Blantyre kuti abwere adzamuone okha wophunzirayu pakatha miyezi itatu. Kalatayo inapitadi tsiku lomwelo, ikufotokoza zonse za lipoti lija.

Musaganize kuti inali miyezi yokoma. Munthu uja ndi mphunzitsi wovuta, abale! M'mawa tili pa kompyuta, masana tili kunsi kwa thiraki, dzuwa la ku malire lija likuswa mtengo, ine ndili mu ovolosi kulumikiza mawaya. Ndikalakwitsa sankandiuza palakwika, ankangoti yang'ananinso, n'kupinda manja. Kangapo ndinataya sikuludiraiva pansi n'kuwauza kuti zanuzi tengani. Iwo ankatola n'kundibwezera m'manja. Madalaivala ankandiseka, amvekere mayi wa fotokope wasanduka makaniko. Koma pang'onopang'ono zinayamba kulowa, ndipo ndinazindikira kuti mutu wangawu si wouma ayi, unangosowa woutsegulira.

Tsiku la mayeso eni kampani anabwera awiri, bambo ndi mwana wawo wamkazi. A Mutasa anazimitsa foni yawo, n'kuisiya patebulo pamaso pa aliyense, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo ndi madalaivala. Ndinatsala ndekha ndi Yesu wanga. Eni kampaniwo anandiuza kuti ndiike kachipangizo kolondolera pa thiraki yatsopano, ndinaika, ndipo inaonekera pa kompyuta. Kenako anandifunsa za thiraki ina imene inali itazimiririka pa makina chidutsire ku Zobue, pa malire a Mozambique. Manja anadziwa chochita. Ndinapeza kuti kachipangizo kake sikanasinthire ku netiweki ya ku Mozambique, ndinakakonza ndili pampando pomwepo, ndipo kadontho ka thirakiyo kanatulukira pa kompyuta kakuyenda bwinobwino kulowera ku Tete.

Mwana wamkazi uja anatembenukira kwa abwana n'kufunsa, "Kodi wa mutu wouma uja ndi ameneyu?" Abwana anangoyang'ana nsapato zawo.

Sabata isanathe ndinalandira kalata ina. Yochotsedwa ntchito ija inafafanizidwa, ndipo anandiika kukhala mkulu woyang'anira makina onse a kampani. Aleluya! Ndinavina pakhonde lomwe lija, nthungululu mpaka a kasitomu a pamalire anasuzumira. Ndinaimbira mayi anga ku Thambani, ndipo anayamba nyimbo pafoni pomwepo osandilola n'komwe kumaliza nkhani.

Tsono poti Mmalawi wodziwa ntchito anali atapezeka, panalibenso chifukwa choti kampani ipemphe pemiti ina. A Mutasa ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku limene anakana kusaina. Mwezi wawo utakwana, amayi a kwaya tinawaperekeza kukakwera basi tikuimba, ine ndikulira ngati ndikuperekeza mchimwene wanga wa bere limodzi. Iwo ankangoseka, n'kumandikumbutsa kuti ndisaiwale kusunga mafailo Lachisanu lililonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange monga mwa pakamwa panga, koma anandichitira monga mwa chifundo chake. Inu amene mwakankhidwira pakhonde kuntchito kwanu, musataye mtima, ndipo musafulumire kuloza chala munthu amene wakhala pampando wanu, chifukwa simudziwa chimene Ambuye amutumira. Pitirizani kugwada, ngakhale mawu akusoweni.

Ndili ndi pempho limodzi. Ine lero ndili pantchito, ana anga ali pasukulu, koma munthu amene anandisiyira mpandowu ali kwawo ku Mutare, akuyendabe ndi makalata kufunafuna ntchito. Dzina lawo ndi a Mutasa, ana ndi atatu. Mukamagwada lero, muwatchule. Ameni.