Ba Pulofesa Sakala Pampopi

Pasiteji ya maminibasi a ku Lusaka, Mainess anaima ndi chitenje m'mapewa, maso ali psuu. Bambo wina wa jekete lakuda anamusendera pafupi.

"Pepani amayi, ndinakuonani kumanda. Ndinu achibale a ba Pulofesa Sakala?"

"Iyayi, ndine neba chabe, ku Kafue Estates. Nanga inu?"

"Anandiphunzitsa za maganizo a munthu kuyunivesiti. Aphungu ambiri m'zipatala muno anadutsa m'manja mwawo."

"Kumapetoku mutu unawathawa, mwandi. Ankasochera mpaka ku Nangongwe, ana n'kumawaseka. Ngakhale akazi awo ankawafunsa dzina."

"Mayo! Ndiye zonse zija zinangofufutika?"

"Osati zonse. Mwamuna wanga atandisiya, ba Pulofesa anandipeza ndikulira pampopi. Sanandizindikire, koma anakhala pamwala n'kunena kuti, 'Yankhulani amayi, sindikuthamangira kulikonse.' Ndinakhuthula zonse, ngakhale zimene abusa sindinawauze, mpaka ndowa inasefukira."

"Ndiye anakulangizani zotani?"

"Palibe, anangomvetsera. M'mawa mwake anandipatsa moni ngati mlendo. Koma usiku umenewo, bambo, ndi pamene ndinayambanso kupeza tulo."