Asilikali Anga Ananditembenukira

Moni nonse abale ndi alongo. Yesu alemekezeke! Simunandiyankhe bwino, ndati Yesu alemekezeke!

Ine ndine mayi a Chisomo a ku Bangwe, kwathu ndi ku Nsanje. Amene mumagula kaunjika ku Limbe nkhope iyi mumaidziwa. Ndinali mzimayi wadzitho ine. Belo la zovala ndinkalisenza ndekha, tsiku lonse pa dzuwa, pakamwa osapuma.

Zinayamba ndi zala. M'mawa zinkauma gwa, kulephera kumanga chitenje. Kenako tsitsi linayamba kutsalira pa chipeso. Kenako m'masaya monsemu, kudutsa pamphuno, munatuluka zigamba zakuda ngati ndapsa ndi moto. Dzuwa likandiwomba, madzulo ndi malungo. Thupi linatha, abale. Linatha!

Mukukumbukira zaka zimenezo, pamene mzere uliwonse wa nyumba unkatulutsa maliro. Munthu ukaonda, anthu sankafunsa. Mu minibasi mayi wina anandiyang'ana kumaso, n'kusendera kutali. Ndinakayezetsa magazi pamodzi ndi amuna anga, bambo a Chisomo. Kachilombo mulibe. Tinapitanso kwina. Mulibe. Anthu amvekere, "Makina awowo ndi otopa."

Apongozi anga amakhala ku Machinjiri. Mundimvetse bwino, mayi amene aja amandikonda. Anaika ana awiri m'manda chifukwa cha kachilombo, ndiye atandiona anagwira pakamwa.

"Make Chisomo, asilikali a m'thupi akutha awa. Ine ndinaziona kale izi. Iwe wokha sindikuika m'manda."

Anayamba kundigulira mankhwala owonjezera chitetezo, aja amagulitsa m'mabotolo pa depoti. Wobiriwira, wofiirira, wina wowawa ngati ndulu. Ndinkamwa. Ndani akanakana? Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi chokha: chitetezo chikatsika, munthu wapita.

Koma ine ndinkangoipiraipira. Miyendo inatupa. Ukadina ndi chala, dzenje limatsala pomwepo. Mkodzo unkachita thovu ngati mwasukira sopo. Tsiku lina ndinadzuka maso atatupa, Chisomo mwana wanga anandiona n'kuthawira kuseri kwa chitseko. Pamenepo ndinaopa, abale. Ndinaopa zedi.

Ku chipatala chachikulu m'tauni anandijambula, ananditenga magazi kangapo. Pamapeto pake dokotala wina wachizimayi anakhala pa bedi langa.

"Mayi, asilikali a m'thupi ntchito yawo ndi kuzindikira mlendo. Kachilombo kakalowa, amakagwira n'kukapha, ndipo amasunga nkhope yake kuti kakadzabweranso asachedwe. Koma mwini nyumba samukhudza. Anuwa sanathe ayi. Alipo, ndi amphamvu. Vuto ndi loti asokonezeka, akumenya mwini nyumba. Anayamba ndi khungu ndi mfundo za mafupa. Tsopano afika ku impso."

Anati matendawa dzina lake ndi lupasi. Si ufiti, si opatsirana. Ndiye anandipatsa mapiritsi oti awafooketse asilikaliwo, nati mabotolo aja ndisiyiretu.

Titafika kunyumba tinapeza apongozi akutidikira, ndipo anafunsa ntchito ya mapiritsiwo. Bambo a Chisomo anafotokoza. Mayi aja anaimirira.

"Ati chiyani? Otsitsa chitetezo? Anthu akufa ndi kutsika kwa chitetezo, iwo akuti atsitse dala? Inu bambo a Chisomo, mutu wanu ukugwira?"

Anatenga mapiritsi onse n'kukaponya m'chimbudzi. Amuna anga sanawaletse. Inenso ndinangowasiya, poti mumtima ndinkati mwina apongozi akunena zoona. Mwina madokotala andisiya, akungofuna ndipite msanga.

Sipanatenge nthawi. Mkodzo unachepa. Mpweya unayamba kubanika, kugona chagada osatheka. Ananditengera kuchipatala atandinyamula ngati thumba la makala. Ndinkamva anthu akuyankhula ngati ali kutali. Ndinati, Ambuye Yesu, mdani wakunja ndikanamuthawa. Nanga uyu ali m'magazi mwanga, ndithawire kuti? Ndithawire kuti, Ambuye?

Dokotala uja anabwera, anamva zoti mapiritsi anatayidwa. Sanakalipe. Anawatenga apongozi pa dzanja, n'kuwadinitsa chala pa mwendo wanga.

"Amayi, mukuona madziwa? Impso zikulephera. Akapanda kumwa mankhwala aja, sabwerera kunyumba."

Apongozi anayang'ana dzenje limene chala chawo chinasiya. Anayang'anitsitsa. Kolona ili m'manja. Kenako anati, "Ana anga aja asilikali anawathera. Uyu akumupha ndi asilikali ake omwe. Mulungu, ine sindikuzimvetsa." Anatenga kapu ya madzi, anatenga piritsi kwa namwino, anandiika pakamwa ndi dzanja lawo.

"Meza, mwana wanga. Ngati ndalakwa, ndikayankha ndine."

Ndinameza. Aleluya! Pang'onopang'ono miyendo inaphwa. Mpweya unabwerera. Ndinatuluka ndikuyenda ndi miyendo yanga iyi.

Sindikunamizani kuti ndinachira, abale. M'nyumba ya Mulungu sitinama. Asilikali aja akadali momwemo, angogonekedwa. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse, ku chipatala ndimapita pa tsiku langa. Poti chitetezo chinatsitsidwa, kachifuwa kochepa ndimathamanga nako kwa dokotala. Belo sindisenzanso. Ndimagulitsa pamthunzi, chipewa kumutu, malaya a mikono itali ngakhale mu Okutobala, anzanga n'kumandiseka kuti ndasanduka mzungu. Aseke, ndili moyo.

Mukaona mnzanu waonda, musamuweruze ndi maso, mupite naye akamuyeze. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha dokotala uja, amuna anga, ndi inu amene munkandipempherera. Ndipo apongozi anga ali pomwepa, mzere wachitatu uwo, akubisa nkhope. Amayi, imirirani anthu akuoneni. Munati simundiika m'manda. Simunandiike.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.