Anthu Awa Amadyera pa Tebulo Limodzi

Bambo Mfumu, Bambo achiwiri, a Dikoni, makolo anga ndi akhristu nonse, kuphatikizapo inu mwakhala pafupi ndi khomo kuti muthawe msanga: mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Ndine Fabiano, wa ku Nkope. Ena mumanditchula kuti Aphunzitsi. Zikomo chifukwa cha ulemuwo, koma sindinaphunzitsepo munthu. Ku koleji ya aphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi, kenaka ine ndi mayeso tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndinabwerako ndi tsitsi lalitali lokha, nalonso anyamata a chipani anandimeta pa depoti, mwaulere.

Abale, ine ndinakonda. Ndinakonda Asiyatu, mwana wa banja la Chisilamu ku Katuli, uyo wabisa nkhope m'chitenjeyo. Mjomba wake, ndiye kuti malume ake, Che Saidi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Mwezi wa Ramadani ukadzaoneka musanabwere ndi ankhoswe komanso mawu a ku tchalitchi kwanuko, mudzaiwale. Pali wina wochokera ku Joni, ali ndi wailesi ndi njinga."

Kunatsala miyezi iwiri. Wailesi ndinalibe. Nkhoswe ndinalibe, chifukwa malume anga a ku Chowe anali asanandilankhule chichokereni ku koleji.

Ndinapita kwa Bambo Mfumu. Anawerenga pa zala: maphunziro a ukwati, chilolezo cha Ambuye Episkopi poti mkazi ndi wa chipembedzo china, kulengeza katatu, ndiponso ankhoswe. Anati, "Fabiano, ukwati si lole yoti uikwere ikuyenda."

Apa mpamene nzeru za chaka chimodzi zinagwira ntchito. Ndinati, parishi ili ndi akuluakulu atatu, ndifere mmodzi chifukwa chiyani? Lachitatu Bambo achiwiri atabwera pa njinga yamoto ku nthambi yathu, ndinawauza maso ali gwa: "Bambo Mfumu avomera zonse, koma atanganidwa. Akuti mudalitse ndinu." Anangoti, "Eti?" Lachisanu ndinapeza a Dikoni: "Maphunziro a ukwati ndamaliza kwa Bambo achiwiri, mungosaina apa." Nawonso anangoti, "Eti?"

Akhristu anzanga, pali chinthu chimene ku koleji sanatiphunzitse. Anthu awa amadyera pa tebulo limodzi. Tebulo limodzi, amayi! Tsiku ndi tsiku!

Lolemba m'mawa ndinaitanidwa. Ndinawapeza onse atatu ali pa tebulo, kapu yachinayi ya tiyi ikundidikira. Bambo Mfumu anati, "Khala pansi, mkwati. Tithandize: mwa ife atatu wakuvomera ndani? Ife tafunsanafunsana, sitikumupeza."

Tiyi uja anazizira m'kapu. Ndinaulula zonse, za mwezi, za wa ku Joni, za malume. Ndinalira, abale, ndipo si kulira kwaulemu ayi. Ndinkadikira kuti andionetse khomo. Koma iwo anayamba kugawana vuto langa ngati zingwe za khoka: uyu gwira uku, uyo gwira uko.

Bambo Mfumu, ndi mawondo awo mukuwadziwa aja, anakwera ku Chowe kawiri. Ulendo woyamba malume anabisala m'munda wa chinangwa. Wachiwiri Bambo anangokhala pakhonde n'kulengeza kuti sachoka. Dzuwa lili paliwombo malume anatulukira, atavala jekete. Anati, "Mwanayo ndi chitsiru, Bambo." Bambo anati, "Tikudziwa. Koma ndi chanu."

Bambo achiwiri, amene Chiyao amalankhula ngati obadwira konko, anapita ku Katuli. Njinga inawagwetsa mumchenga, anafika mkanjo woyera uli wofiira. Anatsimikizira banja kuti Asiyatu palibe adzamukakamize kusiya swala, mapemphero ake a Chisilamu. Che Saidi anayang'ana mkanjowo nthawi yaitali, n'kuti, "Ngati akuluakulu akumugwera mumchenga chonchi, ndiye kuti mnyamatayo ali ndi anthu."

A Dikoni anatiphunzitsa m'mawa uliwonse Misa ikatha, Asiyatu akugonera kwa azakhali ake m'tauni. Kalata ya kwa Episkopi analemba okha, n'kukaipereka pamanja.

Bodza lija silinapite ulere. Inu amene munandiona ndikutchetcha bwalo lonse la tchalitchi n'kumati, "Aphunzitsi adzipereka," pepani. Chinali chilango.

Loweruka la sabata yatha ukwati wathu unadalitsidwa pa guwa ili. Mwezi unaoneka Lachiwiri. Masiku atatu okha, abale! Atatu!

Bambo Mfumu, Bambo achiwiri, a Dikoni, zikomo. Zikomo kwambiri. Ine ndinayesa kukugawanitsani, inu munandinyamulira limodzi. Mulungu akusungeni, ndipo musadzasiye kudyera pamodzi, ngakhale zimenezo zikutivutitsa ena a ife.

Tsopano a kwaya, ng'omayo isagone. Amayi, nthungululu imveke mpaka ku Katuli. Akazi anga akusala, sanalawe kanthu chiyambireni m'bandakucha, koma abwera kudzamva mwamuna wawo akunena zoona pagulu kwa nthawi yoyamba. Imirirani musangalale nane, asanasinthe maganizo!