Abiti Saidi anati ndine mchemwali wawo

Moni abusa, moni amayi ndi abambo nonse. Aleluya! Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Nyimbo ija ithe kaye, mundimve.

Mukundidziwa, ndine wothyola tiyi, ndimakhala kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti. Ndinabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ndili kamtsikana. Bambo akunyumba anamwalira, mwana ndilibe, m'bale ndilibe kuno.

Chaka chatha ndinayamba kutaya magazi, ine woti kumwezi ndinasiya kalekale. Amayi mukundimva. Manyazi anandigwira, ndinabisa. Ndinabisa mpaka tsiku lina ndinagwa ndi dengu kumsana.

Kuchipatala anati ndi khansa ya chiberekero, ndipite ku Blantyre akachotse. Kufika kumeneko, eee, ndinaona kusiyana kwa anthu. Bedi loyandikana ndi langa panagona amayi a m'tauni. Awo matenda anawapeza msanga. Ana awo ophunzira ankafunsa adokotala chilichonse, magazi opereka analipo. Ine adokotala akalankhula ndinkangoti inde, osamva kanthu. Atafunsa kuti wondidikirira ali kuti, ndinayang'ana pansi. Anati magazi anga ndi ochepa kwambiri, sangandichite opaleshoni, mwina ndibwerere kaye kumudzi.

Abale, ndikanabwerera sindikanapitanso. Ndikudzidziwa.

Koma tamvani zimene Mulungu anachita. Kumalayini khomo langa limayang'anana ndi la Abiti Saidi. Ndi Asilamu, tchalitchi chino sanalowemo, ndipo tinkangopatsana moto ndi mchere basi. Iwo anamva zoti ndagonekedwa ndekha, m'mawa mwake ndinangoona atulukira mu wodi, mpango kumutu, kamphasa kukhwapa.

Anamwino anafunsa, "Inu ndi ndani wawo?"

Iwo anati, "Mchemwali wanga ameneyu."

Adokotala atabwera, mtsikana ndithu, Abiti anawagwira dzanja. "Adokotala, ife sukulu sitinapite. Tiuzeni pang'onopang'ono. Akanakhala mayi anu awa, mukanatani?"

Mtsikana uja sanakwiye ayi. Anakoka mpando, nakhala. Anati, "Ndikanawasunga pompano, tipeze magazi, tidikire adokotala aakulu odziwa khansa imeneyi. Matendawa apita patali, akufunika dzanja lozolowera, lochotsa zonse osasiya muzu."

Abiti anati, "Ndiye tikhala. Magaziwo ndisiyireni."

Anaimbira ana awo awiri, abambo akuluakulu onyamulira katundu alendo okwera phiri ku Likhubula. Anatsika phiri, anakwera minibasi, anadzatambasula mikono kupereka magazi. Ine sindinawabereke, abale. Sindinawabereke!

Masabata onse odikira aja Abiti ankagona pasimenti. Ankanditawasa, ankandimwetsa phala, nthawi yawo yoswali ikakwana ankapita pakona, pobwera n'kundiuza kuti, "Nawenso pemphera kwanuko, usagone." Ntchito yawo kumunda inaima chifukwa cha ine, koma sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

Opaleshoni inachitika. Adokotala aakulu anati achotsa zonse bwinobwino. Ndikupitabe kukaonedwa, koma taonani, ndayenda ndekha kubwera kuno.

Amayi anzanga, mukaona zachilendo m'thupi musabise. Ndipo mukamva kuti wina wagonekedwa alibe wake, nyamulani mphasa.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza adokotala aja. Dzulo ndinawapempha Abiti kuti andiperekeze, anati, "Ine ndikafika pakhomo pokha." Ali panjapo, pansi pa mtengo wa mapeyala. Abusa, ndiloleni. Tiyeni tiimirire tonse, amayi nthungululu zimveke, tituluke tikawapatse moni!